Chingwe sichikula, galu amakula

Ndimaphunzitsa Biology ndi Agriculture pasukulu ina ya sekondale yoyendera kuno ku Thyolo, pakati pa minda ya tiyi. Chaka ndi chaka ndimauza ana a Fomu 1 kuti chizindikiro chimodzi cha chamoyo ndi kukula. Koma phunziro lomweli lidandilaka pakhomo panga, ndipo amene adavutika nalo ndi galu wanga Msiyeni.

Galuyu ndidampeza ali kamwana m'mwezi wa February kwa mlonda wina wa paesiteti, akuba atatithera nkhuku. Atangozolowera pakhomo adayamba kuthamangitsa anapiye a anzathu oyandikana nawo. Poopa milandu, ndidatenga chingwe cha nayiloni n'kumumanga m'khosi, mfundo ziwiri zolimba. Atasiya khalidwelo ndidadula mbali yopita kumtengo, koma ya m'khosi ndidaisiya kuti anthu azidziwa kuti galuyo ali ndi mwini wake.

Kenaka idafika nyengo yokonzekeretsa a Fomu 4 mayeso a MSCE. Ndinkachoka mbandakucha, kubwera kutada. Mayi a kunyumba adandiuzapo kuti galu akusiya mkute, ine n'kuyankha kuti mwina akukhuta mbewa. Tsiku lina madzulo mwana wathu wamkazi adati: "Ababa, Msiyeni akununkha." Nditamuunika ndi tochi ya foni, chingwe chija sichinkaoneka. Chidali chitalowa m'mnofu, ubweya utaphimba pamwamba. Bala lidazungulira khosi lonse ndipo kunsi kwake mudali mphutsi.

Kutacha ndidamuika m'katoni, n'kupalasa njinga kupita kwa alangizi a ziweto. Adadula chingwecho ndi sizasi, kuchotsa mphutsi imodziimodzi, kutsuka balalo ndi kumubaya jekeseni. Sadandikalipire. Adangoti: "Aphunzitsi, chilichonse chomwe mwamanga m'khosi mwa galu, zala zanu ziwiri zizilowa pansi pake mosavuta. Akakhala mwana, muziyesa sabata iliyonse." Ndidachita manyazi. Safunsa adadya phula.

Bala litapola ndidaganiza za lamba wa m'khosi woyenera. Wogula m'sitolo ndiye mpaka ku Limbe kapena ku Blantyre, ndipo kwa mphunzitsi wakumudzi thiransipoti yokha ndi nkhani. Choncho ndidapita kwa telala wa pamsika ndi mwendo wa jinzi yakutha komanso kachidutswa ka chitenje. Adasoka lamba wotambalala ngati zala ziwiri, jinzi kunja, chitenje chofewa mkati. Lamba wotambalala sacheka khungu monga muchitira waya, nayiloni kapena mphira. Adaboola malo atatu olowetsa batani kuti galu akamakula tizingosuntha. Ndalama yomwe ndidalipira siyikadagula ngakhale paketi ya shuga.

Batani lake tidalisoka dala ndi ulusi wamba, wosalimba kwambiri. Telala adadabwa, koma chifukwa chake amachidziwa aliyense wokhala kuno. Kuyambira kumbali ya Bvumbwe mpaka ku Makwasa, galu akangotuluka pabwalo walowa m'tiyi. Mitengo ya tiyi ndi yaifupi, yothithikana, ndipo ikaduliridwa m'chilimwe nthambi zake zimatsala zosongoka. Galu wothamangitsa kalulu m'menemo akakodwa ndi lamba wosaduka, amazungulira pofuna kudzimasula mpaka kudzipotokola yekha, popanda womuona. Mu August Msiyeni adabwera kunyumba khosi lili lokha. Patapita masiku awiri mayi wina wogwira ntchito m'mundamo adatibweretsera lambayo, ati adampeza akulendewera panthambi. Batani ndi lomwe lidathothoka. Ndidasokanso lina mosangalala.

Nanga m'nyumba? Chiperoni chikabwera m'miyezi ya June ndi July, kuno kumazizira kwambiri ndipo galuyu amagona m'khitchini. Mmenemo muli makasu, njinga, misomali yokolekapo zinthu ndi waya woyanikapo chimanga cha mbewu. Chilichonse mwa izi chikhoza kukola lamba usiku tonse tili m'tulo. Choncho akamalowa timamuvula, m'mawa n'kumuvekanso. Ntchitoyi ndi ya mwana wathu uja, ndipo ndi nthawi yomwe amaona ngati kukhosi kuli nkhupakupa kapena chilonda. Lamba akada timachapa, ndipo akanyowa timayamba taumitsa.

Lamba wa batani si womangira galu kapena kumukokera paulendo. Pa ntchito imeneyo ndili ndi wina, wodula ku lamba wanga wakale wa thalauza, wokhala ndi chitsulo chake chomangira. Ameneyu amavala pokhapokha chingwe chili m'manja mwanga.

Ena anena kuti aphunzitsi asowa cholemba, galu ndi galu. Koma taganizirani za chiwewe. Akatswiri amati matendawa amatha m'dera ngati agalu 70 mwa 100 alionse alandira katemera, ndipo ndi chiwerengero chomwe bungwe la Mission Rabies lakhala likulondola chiyambireni ntchito yake ku Blantyre mu 2015. Galu amafika bwanji kokabayitsa? Amachita kukokedwa ndi mwana, nthawi zambiri pawaya kapena pachingwe chomanga ngati khwekhwe, chomwe chimathina galu akamakana. Galu amene khosi lake lidapwetekedwapo salola kugwidwa, ndipo amaluma. Msiyeni adatha miyezi iwiri akundithawa ndikangotambasula dzanja. Katemera akadabwera nthawi imeneyo, akadaphonya, ndipo pakhomo pali ana.

Pa 28 September, tsiku lokumbukira kulimbana ndi chiwewe padziko lonse, ndidauza ana a m'kalasi mwanga nkhaniyi osabisa kuti wolakwa ndidali ine. Mawa lake anyamata atatu adandiuza kuti akadula mawaya m'khosi mwa agalu a kwawo.

Inunso owerenga, madzulo ano itanani galu wanu, mupatule ubweya wa m'khosi ndi kulowetsa zala ziwiri. Zikakana kulowa, tengani sizasi.