Panjinga M'minda ya Mphesa ya ku Franschhoek

Kuchoka ku Stellenbosch kukafika ku Franschhoek, m'chigawo cha Western Cape ku South Africa, pali makilomita pafupifupi 30. Pagalimoto n'kanthawi kochepa, koma wapanjinga ndiye amalidziwa bwino derali, poti chitunda chilichonse amachimva m'miyendo.

Mukangotuluka mu Stellenbosch mumayamba kukwera mpata wa Helshoogte, minda ya mphesa ili uku ndi uku. Mukatsika mumadutsa mudzi wa Pniel n'kulowa m'chigwa chimene a Huguenot, Akhristu othawa chizunzo ku France, anakhazikikamo kuyambira mu 1688.

Chitunda chachikulu chili kuseri kwa Franschhoek, pamsewu wokhotakhota umene unatsata njira yakale ya njovu. Apa wopupuluma amathera panjira. Palasani pang'onopang'ono ndi giya yopepuka kuti mpweya usakuthereni. Mu Januwale ndi Febuluwale, mphesa zikamapsa, kumatentha kwambiri, choncho lawirirani m'mamawa ndipo muzimwa madzi musanamve ludzu. Anyani a m'mbali mwa msewu musawapatse chakudya.

Mukafika pamwamba pumulani, muone chigwa chonse chili m'munsi. Musanatsike yesani mabuleki, chifukwa makona a kutsidyako safuna liwiro.