Nsomba ya mainchesi 36 imene sindinadye

Mphwanga, mwana wa mlongo wanga amene ndi namwino mumzinda wa Tampa ku Florida, anandidzutsa kunja kusanache kuti tikawedze. Ine ndinakulira ku Senga Bay, choncho za mbedza ndi nyambo palibe wondiuza. Chimene chinandiimitsa mutu ndi ndalama imene anatchula tili m'galimoto: madola mazana angapo, olipira boti ndi mwini wake kwa maola anayi okha. Kumeneko amati ulendo wa theka la tsiku.

"Ndiye nsombazo tikagulitsa kuti ndalamayi ibwerere?" ndinamufunsa.

"Ayi amalume, kugulitsa n'koletsedwa. Mwinanso zambiri tikazibwezera m'madzi."

Ndinangoti chete. Mlendo sathyola mphasa.

Tinakwerera pa doko la ku Fort De Soto, pamene nyanja ya Tampa Bay imakumana ndi Gulf of Mexico. Unali mwezi wa Okutobala. Chakum'mawa kunkaoneka mlatho wa Sunshine Skyway, zingwe zake zachikasu zitangoti nji m'mwamba. Mlathowu anautsegula mu 1987. Wakale unagwa mu Meyi 1980 sitima ya katundu itawomba mzati wake, ndipo anthu 35 anafa. Mwini botilo, amene aliyense amangomutcha kaputeni, anali bambo wofiira ndi dzuwa, wosalankhulalankhula. Chiphaso chake chimamulola kunyamula anthu osapitirira asanu ndi mmodzi, komanso chilolezo chowedzera cha botilo chimakwanira onse okwera. Ndodo, mbedza, nyambo ndi madzi oundana, zonse n'zake. Iwe umangobwera ndi chipewa.

Botilo linali lophwatalala kunsi, lopangidwira madzi osaya. Poyamba ndinadabwa kuti nyanja yonseyi bwanji tikungokwawa m'mphepete ngati ana osadziwa kusambira, koma Tampa Bay ndi yotambalala chabe. Kuya kwake, mukaphatikiza monse, ndi mamita anayi osakwana, ndipo malo ambiri munthu atha kuima madzi n'kumulekeza m'chiuno. Nsomba zimene tinkafuna zimakhala momwemo, mu udzu wa pansi pa madzi ndi m'mizu ya mitengo ya mangrove.

Ntchito yoyamba inali ya nyambo. Kaputeni anamwaza chakudya cha nsomba m'madzi, nadikira pang'ono, kenako anaponya chavi. Ukondewo unatambasuka m'mwamba ngati lichero, ndipo pokoka munali tinsomba tonyezimira tosawerengeka, tokulirapo pang'ono kuposa usipa. Anatikhuthulira m'thanki ya madzi oyenda kuti tikhale tamoyo. Mtima unandipweteka. Kwathu imeneyo ndi ndiwo ya banja lonse, pano ndi nyambo.

Chimene nyanja yathu sinandiphunzitse ndi kudzadza ndi kuphwa kwa madzi. Ife timayang'ana mwezi ndi mphepo. Mwera ukaomba, bwato limakhala kumtunda. Uku madzi amchere amalowa ndi kutuluka tsiku lililonse, ndipo nsomba zimadya madzi akamayenda. Akaima, nazonso zimaima. Kaputeni ankangoyang'ana wotchi ndi mizere ya madzi pa mizu ya mitengo, n'kutisuntha malo tisanatope n'komwe. Apa m'pamene ndinazindikira kuti madola aja sitinagulire nsomba. Tinagula mutu wa bamboyu, monga mmene eni chilimira amadalira siginala wodziwa pamene pali usipa usiku wamdima.

Zoyamba kudya nyambo zinali spotted seatrout, nsomba zamawangamawanga zokhala ndi mano awiri akuthwa kutsogolo. Pakamwa pake m'pofewa, ukakoka mwaukali mbedza imang'amba n'kutuluka. Ndinataya ziwiri chifukwa cha dzanja langa la kampango. Yachitatu ndinaikweza, kaputeni anaigoneka pa rula yomata m'mphepete mwa boti, ndipo inapereŵera pa mainchesi 15. Inabwerera. Yachinayi inakwana, inalowa m'bokosi.

Kenako tinapita pa mulu wa zigoba za oyster, pamene redfish zimafukula nkhanu m'matope mitu ili pansi, michira ili pamwamba pa madzi. Ndi nsomba ya mtundu wa mkuwa, ya dontho lakuda pafupi ndi mchira, ndipo imakoka ngati ng'ombe ya pangolo. Mphwanga anagwira imodzi ya mainchesi 24. Lamulo limalola ya pakati pa 18 ndi 27, imodzi pa munthu. Nsombayi inatsala pang'ono kutha m'zaka za m'ma 1980, wophika wina wotchuka wa ku New Orleans, Paul Prudhomme, atatchukitsa kaphikidwe koiwaula ndi zokometsera m'chiwaya chamoto mpaka kuda. Malesitilanti onse anayamba kuifuna, maukonde anaikokolola, mpaka boma linaletsa kuigwira yogulitsa.

Ola lachitatu, madzi atadzadza mpaka kumiza mizu, kaputeni anazimitsa injini n'kutiyandikiza ku mitengo ndi kainjini kamagetsi kopanda phokoso. Anatenga tinsomba tamoyo todzaza dzanja n'kutiponya pansi pa nthambi. Sipanapite nthawi, madzi anaphulika, phwa! ngati wina waponyamo njerwa. Anandilozera ndi chibwano. Kawiri konse nyambo yanga inakodwa m'masamba, iye n'kuikodola osanena kanthu. Kachitatu inagwera pamthunzi penipeni.

Chingwe chinalira. Ndodo inapindika mpaka ndinaganiza kuti ithyoka, ndipo chinsomba chasiliva cha mzere wakuda kuchokera kumutu mpaka kumchira chinadumpha, pakamwa pali yasa, chikupukusa mutu. Imeneyo ndiyo snook. Nzeru yake ndi imodzi: kuthawira m'mizu kuti zigoba zomera pamenepo zidule chingwe. Kaputeni, amene m'mawa wonse anangotulutsa mawu owerengeka, tsopano ankakuwa kuti nditsitse ndodo cham'mbali, ndisaipatse mpata. Mphwanga naye ali, "Kokani amalume, kokani!" ngati ine ndikusewera. Manja ananjenjemera, thukuta linalowa m'maso. Pamene inafika pambali pa boti, ine ndinali nditaiona kale ili m'mbale, pambali pali nsima.

Rula inati mainchesi 36.

Snook yololedwa kumeneko ndi ya pakati pa 28 ndi 33, imodzi patsiku, ndiponso m'miyezi yotsegulira yokha. Kuti yaing'ono ibwerere, zimenezo ndinkazimvetsa. Ngakhale kwathu kugwira kasawala n'kudya chambo cha mawa. Koma kubweza nsomba chifukwa yakula kwambiri? Kaputeni anandifotokozera. Snook zimabadwa zazimuna, ndipo zambiri zikakula zimasanduka zazikazi. Choncho zikuluzikulu pafupifupi zonse ndi manthu, zoikira mazira ochuluka. Mtunduwu ndi wosalimbanso: kuzizira kwa mu Januwale 2010 kunapha zambirimbiri, ndipo ndere zapoizoni zofiiritsa madzi za mu 2018 zinachititsa boma kulamula kuti kwa zaka zingapo m'derali snook ndi redfish zonse zogwidwa zizibwezedwa. Kugulitsa snook ku Florida kunaletsedwa kale mu 1957.

Anandijambulitsa nayo msangamsanga, dzanja lina kunsi kwa mimba, atandichenjeza kuti m'mbali mwa mutu wake muli fupa lakuthwa ngati lezala. Kenako anandiuza kuti ndiigwire mlomo wam'munsi ndi chala chachikulu, ndiimize m'madzi mutu utaloza kumene madzi akuchokera. Inakhala pamenepo ikupuma, itandiyamwa chala ngati khanda. Sindinayembekezere zimenezo. Patapita kanthawi inalavula chala changa, inapiza mchira kamodzi, n'kundisiya nkhope ili chonyowa.

Pobwerera ndinkaganiza za Mbenje, chilumba cha kwathu ku Salima chimene mfumu Makanjira imatseka nyengo ya mvula kuti nsomba ziswane. Nzeru yake ndi yomweyo. Koma ndisanamize oŵerenga kuti za ku Florida zonse n'zokoma. Mu 1994 anthu a m'chigawochi anavota kuletsa matchera m'madzi awo, ndipo lamulolo linayamba kugwira ntchito mu Julaye 1995. Owedza mosangalala, amene ndi ambiri ndiponso ali ndi ndalama, anapambana. Mabanja a m'midzi ya asodzi ngati Cortez, kum'mwera pang'ono kwa pamene tinali, amene ankadalira kugwira mullet ndi maukonde kuyambira makolo awo, anatsala manja ali m'khosi. Ena mwa iwo ndi amene lero amanyamula alendo ngati ine. Nsomba zilipo ndithu, ndaziona ndi maso anga. Koma kuzisunga n'kosavuta pamene wozigwirayo ali ndi chakudya china kunyumba, ndipo msodzi wa kwathu ku Nguwo akadzandifunsa kuti bwanji ndinabweza nsomba yotalika ngati mwendo wa munthu, yankho loona n'lakuti sindinali ndi njala.

Kaputeni anati ndidzabwerenso mu Meyi kapena Juni, nyengo ya tarpon, chinsomba cholemera kuposa munthu chimene sachitulutsa n'komwe m'madzi chikakhala chachikulu. Ndinamuuza kuti ndikaganiza.

Pa doko, nthawi isanakwane 12 koloko, anatenga mpeni wautali n'kuyamba kusenda nsomba zathu ziwiri, trout ndi redfish ija. Anachotsa minofu ya m'mbali yokha, yopanda minga, n'kuiika m'kathumba. Mavuwo anali atatera pa mizati, akudikira. Nditaona kuti wanyamula mitu ndi mafupa kulunjika ku mgolo wa zinyalala, ndinamugwira mkono. Mphwanga anayamba kuseka, n'kumufotokozera m'Chingerezi. Bamboyo anandiyang'ana kanthawi, napita kukatenga thumba lachiwiri. Madzulo ake minofu ija anadya ana a mphwanga ndi mbatatesi. Mutu wa redfish ndinauphika ndekha ndi tomato ndi anyezi, mlamu wanga atatsegula mawindo onse a kukhitchini.