Chimene chimaphwetsa mkono wotupa

Ntchito yanga ndi ya mafizo, ndipo ambiri mwa amene ndimawathandiza ndi amayi otupa mkono atachitidwa opaleshoni ya khansa ya m'mawere. Amabwera ndi chiyembekezo choti ndiwasisita mpaka mkono uphwe. Kusisitako ndimachitadi, koma ndimawauza mosabisa kuti chophwetsa mkono kwenikweni ndi bandeji, kuugwiritsa ntchito ndi kusamala khungu, zinthu zimene mwini mkono amachita yekha kunyumba. Ndimatero chifukwa cha mmene kutupaku kumayambira. Tizigawo ta m'khwapa tija timatupa munthu akachita mwanabere ndi timene timasefa madzi ochokera kumkono asanabwerere m'magazi. Dokotala akatichotsa potsata khansa, kapena radiotherapy ikaumitsa minofu ya pamenepo, madziwo amasowa podzera, n'kudikha. Akakhalitsa, pansi pa khungu pamaunjikana mafuta ndi mnofu wouma. Achipatala amati lymphedema, ndipo kafukufuku amene adatuluka mu Lancet Oncology mu 2013 adapeza kuti imagwira pafupifupi mayi mmodzi mwa asanu alionse odwala khansayi. Njira yowonongekayo sibwerera mwakale, choncho chithandizo chake chiyenera kukhala cha tsiku ndi tsiku.

Anzanga ena pantchito anganene kuti ndikupeputsa luso lathu. Kusisita kopepuka kumene timachita adakuyambitsa Emil ndi Estrid Vodder ku France m'zaka za m'ma 1930, ndipo n'kovuta kukuphunzira: dzanja limangokoka khungu pang'onopang'ono, kuyambira m'khosi ndi pachifuwa kuti madzi apeze kolowera, kenako kumkono. Sindikukana phindu lake. Koma bungwe la Cochrane litaunika mu 2015 kafukufuku wosiyanasiyana, lidapeza kuti kusisita kumangowonjezera pang'ono pa zimene bandeji yachita kale. Zimenezi n'zomveka. Kusisita ndi kwa ola limodzi, pamene bandeji imakhala pamkono usana ndi usiku. Timagwiritsa ntchito bandeji yosatamuka kwambiri, yokulungidwa pamwamba pa thonje, yothina kudzanja ndi kumka ilekerera chakuphewa. Minofu ikamagwira ntchito imakankhana ndi bandejiyo, madzi n'kumakwera okha. Pakatha masabata angapo mkono utaphwa, mayi amayamba kuvala chovala chothina chamkono masana, chimene chimafunika kusintha pafupifupi miyezi 6 iliyonse chifukwa chimatha mphamvu.

Ena, makamaka achibale, amati mkono wotere uyenera kupumula: mayi asasinje, asatunge madzi, asagwire khasu. Amanena mwachikondi, ndipo kale ngakhale madokotala ankalangiza chomwecho. Mu 2009 Kathryn Schmitz ndi anzake adafalitsa mu New England Journal of Medicine zotsatira za amayi 141 otupa mkono ku America. Amene ankanyamula zitsulo, kuyambira zopepuka n'kumawonjezera pang'onopang'ono atavala chothina chija, kutupa kwawo sikudakule kuposa kwa amene sankanyamula, ndipo mkono sunkawavuta kawirikawiri ngati mmene unkavutira enawo. Choopsa ndi kudzidzimutsa mkono ndi katundu wolemera utakhala nthawi osagwira kanthu. Kuukhazika chabe kumaufooketsa, ndipo mayi amayamba kudziona ngati wopanda ntchito pakhomo pake.

Pakhungu ndi pamene sindinyengerera. Mkono wotupa sulimbana bwino ndi tizilombo, moti kabala kochepa ka mpeni kapena kupsa pamoto kangabweretse matenda ofiiritsa khungu ndi kutentha thupi, ndipo nthawi iliyonse akagwira amawononganso njira zotsalazo. N'chifukwa chake kutema mphini pamkono wotere n'koopsa, ndipo kuthowa ndi madzi otentha kumangowonjezera kutupa. Mapiritsi okodzetsa nawonso sathandiza. Mkono ukafiira, ukatentha, kapena ukatupa mwadzidzidzi ndi ululu, kusisita kulekeke, mayi apite kuchipatala tsiku lomwelo, pakuti mwina ndi matenda ofuna maantibayotiki, magazi oundana mumtsempha, kapena khansa yabwerera.

Chotsutsa chimene ndimachilemekeza koposa n'chakuti zonsezi n'zodula, bandeji yoyenera sipezeka paliponse, ndipo mu Okutobala kuivala n'chipsinjo. N'zoona. Komabe madandaulo amenewa akusonyeza poyenera kuika ndalama. Ku Malawi azaumoyo adaphunzitsa kale anthu otupa miyendo ndi filariasis kutsuka ndi sopo, kuumitsa bwino, kukweza mwendo ndi kuuyendetsa, ndipo nzeru imeneyo ingagwirenso ntchito pamkono. Kutupa kukadziwika msanga kumagonja mosavuta, ndipo choyezera chake ndi tepi ya telala basi. Chotero ndikupempha anamwino ndi madokotala: yezani mikono yonse iwiri opaleshoni isanachitike, lembani m'kabuku ka kuchipatala ka mayiyo, ndipo asatuluke musanamuuze kuti mphete kapena dzanja la bulauzi likayamba kuthina abwere msanga.