Analipanga Ndani Filimu Ili?

Ife okulira m'komboni tinali kudziwa filimu ndi dzina la mwamuna wa pa cikuto: ya Rambo, ya Van Damme. Maina aja a kumapeto akayamba cabe kukwera, mwini wa malo oonetsera mavidiyo anali kucotsa tepi kuti gulu lina lilowe. Motero tinakula tikhulupirira kuti kuseri kwa kamera kumaima amuna okhaokha.

Manje ndine mphunzitsi, ndipo tsiku lililonse ndimafunsa ana kuti, "Analemba ndani nkhani iyi?" Funso lomweli nditalifunsa mafilimu ochipa a ku America, aja a magazi ndi zigawenga amene ophunzira amawanyoza, ndinapezamo azimai.

Woyamba ndi Stephanie Rothman. Mu 1970 anapanga The Student Nurses pa kampani ya Roger Corman, New World Pictures. Corman anali kufuna zogulitsa matikiti: manesi okongola, thupi lioneke, ndeu ikhalepo. Zotsalazo anali kusiyira wopanga filimu. Rothman anapereka zimene anauzidwa, koma m'mpata wotsalawo analowetsamo zake. Nesi mmodzi atenga mimba, cipatala cimukana kuicotsa, ndiye aicotsera kunyumba mothandizidwa ndi anzake. Apo n'kuti kwatsala zaka zitatu kuti khoti lalikulu la dzikolo ligamule mlandu wa Roe v. Wade mu 1973. Nesi wina agwirizana ndi anthu ocokera ku Mexico omenyera ufulu wao. Amuna anagula tikiti kuti akaone miyendo, anakapeza akazi anai akusankha okha zocita ndi moyo wao.

Filimuyo inapanga ndalama. Koma onani kusiyana kwake. Francis Ford Coppola ndi Martin Scorsese naonso anayambira kwa Corman, ndipo makampani aakulu anawatsegulira zitseko. Rothman filimu yake yothera inatuluka mu 1974, pambuyo pake anasiya nchitoyi.

Imene ndimaikonda kwambiri ndi The Slumber Party Massacre ya mu 1982. Anaitsogolera ndi Amy Holden Jones, ndipo anailemba ndi Rita Mae Brown, womenyera ufulu wa akazi, amene colinga cake cinali kuseka mafilimu opha atsikana. Wakupha wa mmenemu alibe cophimba kumaso, si ciwanda. Ndi mwamuna wamba wonyamula cidrilo cacitali, ndipo mmene amacigwirira simufunika digiri kuti mumvetse tanthauzo lake. Kumapeto auza mtsikana kuti ndi wokongola, kuti amukonda, kuti nayenso akufuna. Apa m'pamene ine thupi limazizira. Mau amenewa atsikana a m'kalasi mwanga amawamva pa siteshoni ya basi, pa kantemba, nthawi zina kwa acibale a m'nyumba. Ndipo amene amugonjetsa si wapolisi kapena cibwenzi. Ndi mtsikana wa nyumba yoyandikana, amene adula drilo ija ndi cikwanje.

Sindikuti mafilimu awa ndi oyera. Muli umaliseche umene amalonda anaulamula, ndipo sindingawaonetse ana a sukulu. Mtengo wa mpatawo unali wowawa. Barbara Peeters atatsiriza Humanoids from the Deep mu 1980, anaonjezeramo zithunzi za akazi akugwiriridwa, zojambulidwa ndi munthu wina. Iye anakana, koma filimu inatuluka ndi dzina lake. Citseko cimene anawatsegulira azimaiwa cinali ca kukhichini, ndipo makiyi anali ndi wina.

Cimene cimandivuta mtima ndi cakuti zofananazo ndimaziona ku kalabu yathu ya masewero. Nkhani ailemba mtsikana, oyeserera awaphunzitsa mtsikana, koma foni yojambulira agwira mnyamata cifukwa ndi yake. Kavidiyo kakafika pa TikTok, dzina limene limveka ndi la mwini foni. Ndiye ndinaika lamulo: kavidiyo sikatuluka popanda maina kumapeto, ndipo la wolemba ndi wotsogolera liyambe. Anyamata anadandaula sabata imodzi cabe.

Dzina la Rungano Nyoni timalidziwa cifukwa I Am Not a Witch inapata mphoto ya BAFTA mu 2018. Filimu yochipa ilibe mphoto yoisungira dzina. Ili cabe ndi oonerera. Rothman anayembekezera zaka zoposa makumi anai kuti Museum of Modern Art ya ku New York ikonzenso The Student Nurses, anthu aione monga nchito ya luso. Mlongo wanu amene akujambula sewero kuseri kwa nyumba sangayembekezere zaka zonsezo. Mufunseni lero dzina limene afuna lilembedwe.