MFITI SIZINAMUPATSE MPENI MACBETH

Uthengawu ndi wautali, koma werengani mpaka pansi.

Dzulo ndikukonza Yamaha 15 pa doko ndinakumbukira buku lija la Macbeth tinkawerenga ku Fomu 4. Nthawi imeneyo ndinkangoloweza kuti ndikhoze MSCE basi. Pano m'pamene ndalimvetsa.

Kwa amene munaiwala: William Shakespeare analemba za msilikali wolimba mtima wa ku Scotland. Mfumu Duncan inkamukonda mpaka kumukweza kukhala Thane of Cawdor. Mfiti zitatu zinamuuza kuti adzakhala mfumu, mkazi wake n'kumakolezera moto, iye n'kupha Duncan usiku atabwera kudzagona kunyumba kwake. Ufumu anaupeza, koma tulo tinamuthawa. Anaphetsa mnzake Banquo, mapeto ake Macduff anamudula mutu.

Ine Macbeth wanga ndinakula naye. Dzina sinditchula, mayi ake alipo. Anali siginala wodziwa pa doko lathu lonse. Akayatsa nyali, usipa umabwera ngati wachita kuitanidwa. Mwini chilimira ankamutenga ngati mwana wake, makiyi a kosungira mafuta ankakhala ndi iyeyo.

Kenako kunabwera ogula usipa a m'tauni. "Man, luso lonseli mukulemeretsa munthu wina? Chaka chamawa mukhala ndi boti lanu." Mawuwo anamulowa. Anayamba kuwagulitsa usipa usiku panyanja pomwepo, akafika pa doko n'kumati lero sunafe. Mafuta n'kumasowa. Mlovi wina atazitulukira, iye anamunamizira kuba mpaka mnyamatayo anachotsedwa ntchito.

Boti anagula ndithu, ndi injini yakale pa ngongole ya katapila. Anabwera nayo kwa ine. Nditaitsegula ndinati, aise, pampu ya madzi yatha, injiniyi idzatentha n'kuzima pakati pa nyanja. Anati ndi nsanje. Mu June, mwera ukuwomba, anzake onse atakokera maboti kumtunda, iye analowa chifukwa a katapila anali atamukhala pakhosi. Alovi atatu anapulumuka atagwira zigubu. Iyeyo tinamupeza patadutsa masiku awiri.

Pa maliro ena ankati anamulodza, ena ankati olakwa ndi ogula aja. Koma kumbukirani, tsiku lomwe mfiti zinkalankhula, Banquo anali pomwepo. Nayenso zinamuuza zokoma, kuti ana ake adzakhala mafumu. Sanaphe munthu. Mfiti zinangolankhula, mpeni Macbeth anatenga yekha.

Sindikudziyeretsa ayi. Inenso ndimafuna shopu yanga ya masipeya, ndatopa kukonzera pansi pa mtengo. Mwezi watha munthu wina anandinong'oneza kuti ndizichotsa masipeya abwino m'mainjini a makasitomala n'kuikamo otha, iye azigula. Kunena zoona ndinawerengera ndalama zake usiku wonse. M'mawa ndinakana, chifukwa injini imene ndingaibere lero, mawa inyamula bambo anga.

Kufuna boti lako si tchimo, abale. Koma munthu akamakutamanda kwambiri kenako n'kukuonetsa njira yachidule, dzifunse kuti akudyapo chiyani iyeyo. Ogula aja pa maliro sitinawaone. Sabata yomweyo anali pa doko lina, akucheza ndi siginala wina.

Tumizirani mnzanu amene wayamba kumvera anthu oterewa.