Zaka zitatu m'matambula

Pa lesitilanti imene ndimagwirako nchito ku Cape Town, bwana anatiikira matambula atatu a Vin de Constance, vinyo woyera wotsekemera: 2007, 2012 ndi 2017. Anati wolephera kusiyanitsa asayandikire matebulo a alendo olemera. Ine, mwana wa ku Chawama wokulira munkoyo, mtima unagunda.

Wa 2007 unali wofiirira ngati uci. Wa 2017, caka ca cilala cimene cinaphwetsa madamu a mzindawo, unali wowala, wonunkhira malalanje. Mphesa ndi imodzimodzi, Muscat de Frontignan. Cosiyana ndi mvula ndi zaka za m'botolo.

Ndinakumbukira amai akulawa nsima: "Mwanangu, cimanga ici n'ca caka catha." Lilime lotere ndinacoka nalo kwathu. Nchito ndikali nayo.