Pikapu ikamachedwa kugwira giya m'mawa, musaiponde moto

Lero ndilankhule ndi inu amene muli ndi pikapu ya otomatiki, kaya ndi Hilux kaya ndi Ranger, makamaka m'nyengo yozizira ya June ndi July.

Mwailiza m'mawa, mwaponda buleki, mwaika pa D kapena pa R, koma galimoto ili zii. Masekondi atatu, anayi, asanu, kenako gu! yagwira. Ikatentha, tsiku lonse imayenda bwinobwino. Ndiye ambiri mumati, "Aaa, ndi kuzizira basi." Ayi, m'bale wanga. Giyabokosi yabwino imagwira pa sekondi imodzi kapena ziwiri, ngakhale muli ku Dedza.

Tamverani. Otomatiki ilibe kilachi yoponda ndi phazi. Pampu imakankha oilo wa giyabokosi, uja amati ATF, ndipo mphamvu ya oiloyo ndiyo imapanikiza makilachi a m'kati kuti giya igwire. Kukazizira, oilo amalemera ngati uchi, ndipo galimoto ikagona, wina amatsika kuchoka mu torque converter. Tsono ngati oiloyo ndi wochepa, pampu imayamba yakoka mpweya. Ngati fyuluta yatsekeka, oilo amadutsa movutika. Ngati timphira ta m'kati tauma, timathawitsa mphamvu mpaka titafewa ndi kutentha. N'chifukwa chake vutoli limabisala masana.

Ine yanga inayamba zimenezi usiku wina, mayi woyembekezera ali m'galimoto, matenda atayamba, tikuthamangira kuchipatala. Masekondi asanu aja ndinawamva ngati ola lathunthu. Tinafika bwino, tithokoze Mulungu. Kutacha, makaniko anapeza kuti paipi yopititsa ATF ku rediyeta imadontha pang'onopang'ono. Anasintha paipi, fyuluta ndi oilo, nkhani n'kutha. Ndalama yake inali yochepa kwambiri poyerekeza ndi kumasula giyabokosi yonse.

Ndiye chonde, ikamachedwa musaponde moto kuti igwire msanga. Injini ikakwera giya isanagwire, makilachi amatereka, amapsa, kenako amagwira mwankhanza. Isiyeni ilire kaye mphindi imodzi kapena ziwiri, phazi pa buleki, ikani giya, dikirani mpaka mutaimva kuti yagwira.

Kenako onani oilo. Kwa magalimoto ambiri okhala ndi dipstick, mumayeza pamalo osapendekeka, injini itatentha komanso ikulira. Mapikapu ambiri atsopano alibe dipstick, amenewo pitani nawo kugalaja. Oilo wabwino amakhala wofiira. Akada n'kumanunkha zopsereza, makilachi ayamba kale kudyeka. Akaoneka ngati mwathiramo mkaka, madzi a rediyeta alowamo, musayendenso nayo. Yang'ananinso pansi pomwe imagona, madontho ofiira sanama.

Ndipo musalole munthu akuthirireni oilo aliyense. Toyota zatsopano zambiri zimafuna ATF WS, zakale zina Dexron III, pomwe Ranger ya magiya 6 imafuna Mercon LV. Buku la galimoto yanu ndilo lidule mlandu.

Pikapu imeneyo imadyetsa ana anu, imanyamula chimanga, odwala, ngakhale maliro a m'mudzi. Mwayeza liti oilo wa giyabokosi? Lembani pansipa, ndipo mutumizireni m'bale amene ali ndi otomatiki.